Mafunso ndi mayankho: kukumbukira kholo la ku Ireland lomwe linali msilikali

Apongozi anga aamuna atamwalira, tikupakira katundu m'nyumba yawo kumadzulo kwa Ireland, tinapeza kachitini ka mabisiketi pamwamba pa kabati. Munali mamendulo awiri odera, nsalu zake zitayamba kuyoyoka, ndi chithunzi cha mnyamata atavala yunifolomu. Bambo a ana anga anangoti, "Agogo awo a adadi amenewo. Akuti anapita ku France." Zomwe ankadziwa zinathera pomwepo. Ine zinandidabwitsa, poti kwathu mdala amene anakamenya nkhondo ku Burma mudzi wonse unkamudziwa, ana tinkachita kumuzungulira kuti atifotokozere. Ndinayamba kufufuza chifukwa ana angawa ndi magazi a mnyamata wa pachithunziyo. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe anzanga okwatiwa kapena kukwatira kuno amandifunsa kawirikawiri, ndipo ambiri akukhudza nkhondo ya 1914 mpaka 1918, chifukwa mamendulo opezeka m'zitini ambiri ndi a nkhondo imeneyo.

Munthu wa ku Ireland ankapezeka bwanji m'gulu la nkhondo la Britain?

Kuyambira 1801 mpaka 1922 chilumba chonse cha Ireland chinali gawo la United Kingdom, cholamulidwa kuchokera ku London. Chinalibe asilikali akeake. Wofuna usilikali ankalowa gulu la mfumu ya Britain, ndipo ankalowa ambiri: cha m'ma 1830, mwa asilikali 10 alionse a Britain, pafupifupi 4 anali ochokera ku Ireland. Pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse anapita amuna oposa 200,000, ndipo osachepera 30,000 sanabwereko.

Anachita kuwakakamiza?

Ayi. Lamulo lokakamiza amuna kulowa usilikali linayamba ku Britain mu 1916 koma ku Ireland silinagwirepo ntchito. Boma litayesa kulibweretsa mu 1918, mabishopu, andale ndi mabungwe a apantchito anagwirizana kulikana, nkhaniyo n'kufera m'mazira. Choncho kholo lanu, ngati linalembetsa lili ku Ireland, linapita lokha ku ofesi.

Chomwe chinamukoka n'chomwe chimasiyana. Ambiri inali njala. Dublin wa nthawi imeneyo anali ndi mabanja okhala m'chipinda chimodzi, ndipo anthu ambiri anali atachotsedwa ntchito pa mkangano waukulu wa apantchito ndi mabwana wa 1913. Msilikali wamba ankalandira sheleni imodzi patsiku, chakudya ndi nsapato, mkazi wake kumudzi n'kumalandiranso ndalama mlungu ndi mlungu. Ena inali ndale. John Redmond, mtsogoleri wa ofuna kuti Ireland akhale ndi nyumba ya malamulo yakeyake, anauza omutsatira ku Woodenbridge pa 20 Seputembala 1914 kuti apite, pokhulupirira kuti Britain adzasunga lonjezo nkhondo ikatha. Apulotesitanti a kumpoto anapita pa chifukwa chotsutsana ndi chimenechi, kuti aonetse kuti iwo ndi a Britain ndipo sakufuna kulamulidwa kuchokera ku Dublin. Enanso anangotsatira anzawo a mpira.

N'chifukwa chiyani abale a kuno sadziwa, kapena safuna kukamba?

Funso ili ndi lomwe linandisowetsa tulo, ndipo yankho lake ndi loti dziko linasintha iwo ali kutali.

Pa 24 Epulo 1916, Lolemba la Pasaka, gulu la anthu ofuna ufulu wonse linaukira boma mu Dublin. Nkhondoyo sinathe mlungu, koma Britain anapha atsogoleri ake 16, ndipo mitima ya anthu inatembenuka. Mlungu womwewo, pa 27 ndi 29 Epulo, asilikali a gulu lalikulu la a ku Ireland lotchedwa 16th (Irish) Division anawathira mpweya wa poizoni ku Hulluch m'dziko la France, oposa 500 n'kufa. Nkhani yoyambayo mwana aliyense wa sukulu kuno amaidziwa, yachiwiriyo ndi ochepa anaimvapo. Thomas Kettle, mphunzitsi wa payunivesite yemwe anakhalapo phungu, anaziona zikubwera. Ananena kuti oukirawo adzakumbukiridwa ngati ngwazi pamene iye, ngati adzakumbukiridwe n'komwe, adzangotchedwa ofisala wa Britain. Anafera ku Ginchy pa 9 Seputembala chaka chomwecho.

Pa chisankho cha Disembala 1918 chipani cha Sinn Féin, chofuna ufulu wonse, chinatenga mipando 73 mwa 105, chipani cha Redmond n'kutsala ndi 6 yokha. Amene anatsanzikana ndi abale ng'oma zikulira anabwerera m'dziko lomwe yunifolomu yawo inali itasanduka chovala cha mdani. Kenaka inabwera nkhondo ya ufulu ya 1919 mpaka 1921, momwe ena mwa asilikali akalewa anaphedwa powaganizira kuti ndi akazitape. Tisakokomeze: m'ma 1920 anthu miyandamiyanda ankasonkhanabe mu Dublin pa 11 Novembala, ndipo kunamangidwa nyumba za asilikali akale, monga za ku Killester. Koma zaka zikupita, mbiri yophunzitsidwa m'sukulu inalibe malo awo. Munda wachikumbutso wa ku Islandbridge mu Dublin, womwe anaujambula Edwin Lutyens ndipo anaumanga ndi manja awo asilikali akale, unatha m'ma 1930 koma unakhala zaka zambiri uli thengo, mpaka anaukonzanso m'ma 1980.

Pamwamba pa zonsezi pali chinthu chosakhudza ndale. Munthu amene anaona anzake akuduka ziwalo m'matope safuna kukamba patebulo. Ndiye musafulumire kuweruza apongozi anu kuti ndi osasamala, iwonso sanauzidwe.

Kumpoto zinali zosiyana. M'mabanja a Apulotesitanti ku Belfast ndi madera ozungulira, tsiku la 1 Julayi 1916 limakumbukiridwa chaka ndi chaka, chifukwa pa nkhondo ya ku Somme 36th (Ulster) Division inataya amuna pafupifupi 5,500, ophedwa, ovulala ndi osowa, m'masiku awiri okha.

Ndiyambire pati?

M'nyumba momwemo. Safunsa anadya phula: khalani pansi ndi munthu wamkulu kwambiri m'banjamo, makamaka azakhali, muwajambule mawu pa foni. Zofunika ndi dzina lonse la kholo, chaka chobadwa, mpingo, ndi kwawo kwenikweni. Kungoti "ku Cork" n'chimodzimodzi kunena kuti "kwa Banda ku Kasungu". Funsani dzina la townland, kadera kakang'ono kofanana ndi mudzi, poti Ireland ali ndi timadera totere toposa 60,000.

Mukatero pitani pa intaneti. Kalembera wa 1901 ndi wa 1911 ali pa tsamba la National Archives of Ireland, waulere, ndipo mumaona pepala lenilenilo lomwe mwini nyumba anasayina. Kaundula wa boma wa kubadwa, maukwati ndi imfa anayamba mu 1864 ndipo ali pa irishgenealogy.ie. Mabuku akale a ubatizo a Akatolika anawaika pa intaneti a National Library of Ireland mu 2015. Za kumpoto zambiri zili ku PRONI, nyumba ya boma yosungira zolemba zakale ku Belfast.

Chenjerani ndi zinthu zitatu. Mayina amasinthasintha, O'Brien apa, Brien apo, Bryan kwina. Zaka n'zosadalirika: pakati pa 1901 ndi 1911 nkhalamba zambiri "zinakula" zaka zoposa khumi chifukwa penshoni ya okalamba inali itangoyamba, ndipo anyamata ankanama zaka kuti alembedwe usilikali. Chachitatu, asilikali omwe anali kubalaki usiku wa kalembera ankalembedwa ndi zilembo zoyamba za mayina awo basi.

Mendulo ndili nayo m'manja. Ndiiwerenge bwanji?

Itembenuzeni muone m'mphepete mwake. Mamendulo a nkhondo yoyamba anawadinda nambala ya msilikali, udindo wake, dzina ndi gulu lake mwachidule, monga R. DUB. FUS. kutanthauza Royal Dublin Fusiliers kapena CONN. RANG. kutanthauza Connaught Rangers. Yasiliva ndi British War Medal, yooneka ngati golide ya nsalu ya utawaleza ndi Victory Medal. Pakakhala yachitatu yooneka ngati nyenyezi, zolembazo zili kumbuyo, ndipo ikukuuzani kuti anafika kunkhondo chisanathe chaka cha 1915. Mukapeza chimbale chamkuwa chokula ngati sosala chili ndi dzina lokha, chimenecho boma linkatumiza ku banja la amene wafa.

Nambalayo ndiye kiyi wa zonse. A Patrick Murphy m'kaundula alipo ambirimbiri, koma nambala pamodzi ndi gulu zimaloza mmodzi. Kumbukirani kuti isanafike 1920 gulu lililonse linkapereka manambala akeake, choncho munthu akasamutsidwa ankalandira ina.

Akuti mapepala onse anapsa. Zoona?

Moto unalipo kawiri, koma sunathe zonse. Woyamba ndi wa pa 30 Juni 1922, nkhondo yapachiweniweni itangoyamba, pamene nyumba yosungira zolemba zakale ku Four Courts mu Dublin inaphulika. Kunapsa kalembera wa 1821 mpaka 1851 ndi mabuku ambiri a mpingo wa Church of Ireland. Wachiwiri ndi wa mu Seputembala 1940, ndege za Germany zitaphulitsa nyumba ya pa Arnside Street ku London momwe munali mafayelo a asilikali wamba a nkhondo yoyamba. Pafupifupi magawo awiri mwa atatu anapita. Otsalawo, ambiri owauka m'mbali, ali ku National Archives ya Britain ku Kew mu London pansi pa nambala WO 363.

Fayelo ya kholo lathu inali m'gulu lopsalo. Tinamupezabe kudzera m'makhadi a mamendulo (WO 372), omwe anapulumuka pafupifupi onse. Pali mapepala a penshoni (WO 364), mafayelo a maofisala omwe ankasungidwa padera (WO 339), ndi a Irish Guards omwe gulu lawo linkadzisungira lokha. National Archives of Ireland ili ndi mawilo a asilikali oposa 9,000, ambiri ndi mzere umodzi wolembedwa ndi pensulo kumasamba a buku la malipiro, wosiyira mayi chilichonse. Amene anagwidwa ukaidi mumufunefune m'makhadi a Red Cross a ku Geneva, alinso pa intaneti. Nyuzipepala za m'maboma nazo zinkasindikiza makalata ochokera kunkhondo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dzina la gulu lake likundiuza kwawo?

Nthawi zambiri limalozako. Royal Munster Fusiliers likulu lawo linali ku Tralee, Connaught Rangers ku Galway, Leinster Regiment ku Birr, Royal Irish Regiment ku Clonmel, Royal Dublin Fusiliers ku Naas. Magulu asanuwa anathetsedwa mu 1922 dziko litagawidwa pawiri, kumpoto n'kutsalira ku Britain, mbendera zawo n'kukaperekedwa kwa mfumu ku Windsor pa 12 Juni. Kumpoto kunali Royal Inniskilling Fusiliers ku Omagh, Royal Irish Fusiliers ku Armagh ndi Royal Irish Rifles ku Belfast. Koma wa ku Ireland amene ankagwira ntchito ku Liverpool kapena Glasgow ankalowa gulu la komweko, ndipo ena anamenya atavala yunifolomu ya Canada, Australia kapena America.

Ndingadziwe bwanji komwe anali ndi zomwe anaona?

Muyenera kudziwa batalioni yake, kagulu ka m'kati mwa gululo, osati gulu lokha. Batalioni iliyonse inkalemba buku la tsiku ndi tsiku, ndipo mabukuwa ali ku Kew pansi pa WO 95. Dzina la msilikali wamba simulipeza kawirikawiri, maofisala ndiwo amatchulidwa, enawo amangowerengedwa ngati chiwerengero. Koma mudzadziwa mudzi womwe anagona, tsiku lomwe analowa m'ngalande, mvula, matope, ndi kuti m'mawa mwake anatsala angati.

Malo ena amabwera mobwerezabwereza. Pa 25 Epulo 1915 a Munster ndi a Dublin anatsikira ku V Beach ku Gallipoli, ena kuchokera m'sitima ya malasha yotchedwa River Clyde, chiwaya cha asilikali a Turkey chikuwadikira pagombe. Mu Ogasiti chaka chomwecho 10th (Irish) Division inatsikira ku Suvla Bay, kenaka inapita ku Salonika ndi ku Palestine. Ku Messines m'dziko la Belgium pa 7 Juni 1917, 16th ndi 36th, Akatolika a kummwera ndi Apulotesitanti a kumpoto, anamenya moyandikana. Tsiku limenelo anafa Willie Redmond, mng'ono wake wa John, phungu wa zaka 56 amene anakana kutsalira kumbuyo.

Anafera komweko. Manda ake ndiwapeza?

Lembani dzina pa tsamba la Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a asilikaliwa. Limasunga mayina a omwe anafa kuyambira 4 Ogasiti 1914 mpaka 31 Ogasiti 1921, ndipo limakuuzani manda, mzere ndi nambala. Mitembo sinkabwezedwa kwawo, chinthu chomwe kwa ife oika munthu kumudzi kwa makolo ake n'chovuta kuchimeza. Miyala yonse ndi yofanana, ya mkulu wa asilikali ndi ya msilikali wamba, ndipo banja linkaloledwa kuwonjezera mawu ochepa m'munsi.

Ambiri alibe manda, matupi awo sanapezeke. Mayina awo ali pa zipilala: oposa 72,000 ku Thiepval m'dziko la France, oposa 54,000 pa chipata cha Menin Gate ku Ypres m'dziko la Belgium, enanso ku Helles ku Gallipoli. Pa Menin Gate amaliza lipenga 8 koloko madzulo alionse, mwambo womwe unayamba mu 1928 ndipo unangoima nthawi yomwe Germany analanda mzindawo pa nkhondo yachiwiri. Palinso mabuku 8 a Ireland's Memorial Records a 1923, okhala ndi mayina oposa 49,000, koma muli zolakwika ndipo ena mwa olembedwamo sanali a ku Ireland, anangokhala m'magulu a ku Ireland.

Nanga ngati anamenya mbali inayo, kapena nkhondo ina?

Ngati anali mwa oukira a 1916 kapena mu IRA, gulu lomenyera ufulu wa Ireland, ya 1919 mpaka 1923, pitani ku Military Archives ku Cathal Brugha Barracks mu Dublin. Mafayelo a penshoni a kumeneko ali pa intaneti ndipo ndi okoma kuwerenga, poti munthu ankayenera kufotokoza yekha zonse zomwe anachita kuti alandire ndalama. Musadabwe kumupeza mbali zonse ziwiri. Tom Barry anamenyera Britain ku Mesopotamia, atabwerako n'kutsogolera IRA kumadzulo kwa Cork.

Ngati anamenya ku Joni, yang'anani nkhondo ya Mabuno ya 1899 mpaka 1902. Royal Dublin Fusiliers anamenya ku Talana ndi ku Colenso, pamene John MacBride ndi gulu lake anali mbali ya Mabuno. Chipata chachikumbutso cha pa St Stephen's Green mu Dublin chinamangidwa mu 1907 pokumbukira a Fusiliers amenewo, ena n'kuchipatsa dzina lonyoza loti chipata cha ogulitsa dziko. Pa nkhondo yachiwiri Ireland sanatenge mbali koma anthu zikwizikwi analowabe gulu la Britain. Ndipo ngati kholo lanu ndi la posachedwapa, mwina linali ku Congo ndi United Nations: asilikali 9 anaphedwa ku Niemba mu Novembala 1960, ndipo mu Seputembala 1961 gulu la amuna pafupifupi 155 linazingidwa ku Jadotville, komwe lero ndi Likasi, kufupi ndi malire a Zambia.

Ndapeza zochititsa manyazi. Ndiuze ana?

Auzeni, molingana ndi misinkhu yawo. Mapepala a usilikali sabisa: kuledzera, kusowa kubalaki, matenda opatsirana pogonana, kuthawa. Ine sindikonda mbiri yomwe agogo aliyense amasanduka ngwazi, chifukwa munthu wotero ana samukhulupirira. Komanso chomwe chinali manyazi dzulo boma lomwe limadzasintha maganizo. Mu 2006 Britain anakhululukira asilikali 306 omwe anawomberedwa ndi anzawo pa milandu ngati yothawa nkhondo, 26 mwa iwo a ku Ireland, ambiri anali anyamata osokonezeka mutu ndi mizinga. Mu 2013 nyumba ya malamulo ya Ireland inakhululukira pafupifupi 5,000 omwe anathawa usilikali wa Ireland kukamenya nkhondo yachiwiri, omwe atabwerako anamanidwa ntchito za boma. James Daly wa Connaught Rangers anawomberedwa ku India pa 2 Novembala 1920 chifukwa chotsogolera kugalukira pomva zomwe zinkachitika kwawo. Mafupa ake anabwezedwa ku Tyrrellspass mu 1970 ndi ulemu wonse.

Pali tsiku lokumbukira? Ndivale duwa lofiira lija?

M'dziko la Ireland tsiku la boma ndi Lamulungu loyandikira 11 Julayi, lokumbukira onse omwe anafa pa nkhondo ndi pa ntchito ya United Nations. Kumpoto ndi ku Britain ndi Lamulungu lachiwiri la Novembala, monga momwe timachitira ku Zomba. Duwalo kuno si nkhani yaing'ono. Ena amaliona ngati ulemu kwa agogo awo, ena ngati chizindikiro cha gulu la nkhondo la Britain lomwe linawombera anthu ku Derry mu 1972. Funsani a m'banjamo musanavale, inu ndinu mtengwa kapena mkamwini.

Zinthu zafewa ndithu. Pa 11 Novembala 1998 Pulezidenti Mary McAleese, Mfumukazi Elizabeth ndi Mfumu Albert ya Belgium anatsegulira limodzi nsanja yachikumbutso ku Messines, ndipo mu 2011 mfumukaziyo inaika nkhata ku Islandbridge.

Ife Amalawi zikutikhudza pati?

Inali nkhondo yomweyo, pansi pa mfumu yomweyo. Ku Karonga kunamenyedwa pa 9 Seputembala 1914, ndipo Nyasaland anapereka amuna pafupifupi 200,000, ochepa ngati asilikali a King's African Rifles, ambiri ngati amtengatenga. John Chilembwe analemba kalata mu Novembala 1914 yofunsa chomwe munthu wakuda adzapindule pokhetsa magazi, funso lomwe a Sinn Féin ankafunsanso anyamata awo. Kusiyana kwake n'kowawa. Kholo la ana anga la ku Ireland lili ndi khadi, nambala ndi mendulo. Mu 2021 a Commonwealth War Graves Commission anavomera okha kuti anthu osachepera 116,000, ambiri a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi mayina awo. Mukamaliza mbali ya ku Ireland, kafunseni kumudzi msanga, poti mbali yathuyi ili m'mitu ya agogo basi.

Mamendulowa ndiwapukute? Ndiwagulitse?

Musawapukute ndi mankhwala opukutira mkuwa, amadya zilembo za m'mphepete zija. Kansalu kofewa kouma n'kokwanira. Musasinthe nsalu zake ngakhale zathethekathetheka, ndipo musawagawe kuti mwana aliyense atenge imodzi, asungidwe pamodzi. Zogulitsa ine sindilimbikitsa, mamendulo wamba awiriwo mtengo wake sufika patali, anadindidwa mamiliyoni. Ajambuleni mbali zonse, mulembe papepala dzina, nambala, batalioni, townland yake ndi dzina la amene anakuuzani nkhaniyo, mupereke kope kwa nthambi iliyonse ya banja. Athu tinawabwezera m'kachitini komweko pamodzi ndi pepalalo, lolembedwa m'Chingelezi mbali imodzi, m'Chichewa mbali inayo.